Madzi a Pakona Yathu

Bondo la Wanlop, katswiri wa nkhonya za chi Thai, litamupeza m'nthiti, wophunzira wanga Hok Chai anagwa ngati thumba la mpunga. Bwalo lonse la nkhonya mu Bangkok linaphulika ndi phokoso.

"Kung fu yanuyo muzikasendera anyezi!" wina anakuwa kumbuyo kwanga.

Hok Chai tinamukhazika pampando. Zala zimene ndinaziphunzitsa kugwira ngati zikhadabo za kambuku zinali zitatsekeredwa m'magulovu, opanda ntchito. Ndinkangofuna kutuluka.

Kenako Wanlop anabwera pakona yathu n'kugwada pamapazi panga. Mwambo wa anzathu achi Thai ndimaudziwa: wopambana amamwa madzi kuchokera m'manja mwa mphunzitsi wa amene wagonja. Koma botolo ndinalifumbata zolimba.

"Aphunzitsi," anatero akupuma movutikira, "mukandimana madzi, kwathu akandikwapula."

"Wamwa kale magazi athu. Sunakhute?"

Anayamba kuseka, koma nkhope inakwinyika ndi ululu. Anakweza mkono n'kutionetsa pamene panatupa, m'munsi mwa khwapa.

"Iwe mnzanga," anatero kwa Hok Chai, "apa wandimenya bwanji, gulovu ili kumanja? Mpweya ukukana kulowa mpaka pano."

Hok Chai anadzutsa mutu, mlomo ukuchucha magazi.

"Ndikuonetsani, achimwene, mukandiphunzitsa bondo lija."

"Mawa lomweli. Ubwere ndi nthiti zotsalazo."

Anyamata awiriwo anaseka, aliyense atagwira pomwe pakupweteka.

Ndinatsegula botolo. Wanlop anamwa theka, kenako anagwira mutu wa Hok Chai ndi gulovu yake n'kumumwetsa otsalawo.