Mlonda Chabe

Tsiku limene Anastazia ankanyamuka kupita ku Mangalande, mayi ake anamugwira dzanja pa siteji ya Linthipe, basi ikuliza kale hutala, n'kumuuza kuti alumbire. Analumbira kuti Pilira, mng'ono wake wopuwala mwendo, sadzachoka pa malo a makolo awo. Malowo anali m'manja mwa Anastazia monga mwana wamkazi woyamba, ndipo mayiwo anafa mtima uli m'malo.

Tsopano imvi zinali mbuu m'mutu mwa Anastazia. Anakhala pampando wakumbuyo m'holo ya loji ina pa Dedza, mpango uli pamphuno. M'holomo munkanunkha perefyumu wa pamsika wosakanikirana ndi thukuta la masuti a pakaunjika. Pakhoma anapachika chinsalu cholembedwa kuti: Maphunziro a Ogulitsa Malo, Dzitukule Wekha.

Kutsogolo kunkadumphadumpha mnyamata wa mimba ya dzulodzulo, wodzitcha Kochi Dennis.

"Usanagulitse malo, uyambe wagulitsa ndani?"

"Ndekha!"

"Sindikumva! Mwadya kachewere wozizira kodi?"

"Ndekha!"

Ankawaphunzitsa kudzuka tambala asanalire, kudziyang'ana pagalasi n'kudziuza kuti ndine mkango. Nsapato izinyezimira ngakhale m'mimba muli mphepo. Dambo usamati dambo, uziti malo a madzi osaphwa. Pafupi ndi manda uziti pa anansi osachita phokoso. Ophunzira ankaseka, kenako n'kuwerama kulemba, ngati ndi katekisimu.

Anastazia ankawayang'ana. Nkhope zina ankazizindikira: zidzukulu za anthu amene ankapita nawo ku Misa opanda nsapato, m'chisanu cha Juni. Nthawi imeneyo wofuna malo ankabwera ndi nkhuku m'khwapa, akulu n'kumulozera ndi chala, kuyambira pa mtengo wa masuku kukalekeza pa chulu. Dothi silinkapimidwa ngati nsalu ya kwa mmwenye. Lero zidzukuluzo zinali pano, zikuphunzira kumwetulira.

"Tsopano tiyese zenizeni," anatero Dennis. "Awa si malo ongopeka ayi. Alipo, ndipo wopambana lero akawagulitsa ndi iyeyo."

Anazimitsa magetsi, chithunzi chinawala pakhoma. Nyumba ya zidina ya malata adzimbiri. Mitengo ya mapichesi. Phiri kuseri, nkhungu itaphimba nsonga. Pakhonde panakhala mayi akusankha nyemba m'lichero, ndodo yake itatsamira chipupa.

Anastazia anafinya mpango. Kunali kwawo. Anali Pilira.

Chibwerereni anagonako masiku angapo, ndipo kunamuwawa ngati dzino. Kasupe amene ankatungako madzi ali ana anaphwa. Mapichesi ambiri anathera m'mauvuni a njerwa. Anansi anamanga mipanda yokhala ndi magalasi osweka pamwamba. Pilira naye ankamuyalira chitenje pampando, n'kumamufunsa ngati madzi a kuno sawatsegula m'mimba achemwali a ku Ulaya.

"Ine ndine wogula wa ku Lilongwe," anatero Dennis, akukoka buluku. "Jestina, imirira. Malowa ndawakonda. Koma mayi ali pakhondewo ndi ndani?"

Mtsikanayo anayang'ana chithunzi nthawi yaitali.

"Akuoneka kuti anabadwira pomwepo, bwana. Mwina tikakambirane nawo kaye."

"Khala pansi, chemwa! Chisoni uzikagulitsa ku tchalitchi. Rafaelo!"

"Ndi wachibale wa eni ake, bwana."

"Wogula akamva chibale amamva khoti. Khala pansi, usatidyere nthawi. Levison!"

Anadzuka mwamuna wa tayi yofiira, nsapato ngati galasi. Anayamba wamanga batani la jekete, n'kupereka moni wa manja awiri kwa wogula wabodzayo.

"Amenewo, bwana wanga? Ndi mlonda chabe. Tikangosainirana, Loweruka simuwapezanso. Ndipo ndodo yawoyo ndikawanyamulira ndekha, ulere."

Holo inagwa ndi phwete. Ena anaimba mluzu, ena anamenya matebulo. Dennis anamukumbatira.

"Mwaona? Sanaphethire! Mkango umenewo!"

Anastazia analibwereza liwulo mumtima. Mlonda. Mwana wa mayi ake, amene anasenza matenda a mayiwo yekha, kuwasambitsa, kuwatembenuza, mwendo umodzi ukukwekwereza, iye ali kutali akusambitsa nkhalamba za eni. Mlonda chabe, pakamwa pa kamunthu koti mwina kagona ndi njala kuti kagule tayi.

Anaimirira. Mpando unakhuluza simenti, phokoso lonse linati zii. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mizere, maso onse ali pa iye, mpaka anafika kutsogolo. Kuwala kwa chithunzi kunamugwera kumaso, ndipo amene anali ndi maso anaona kuti mphuno yake ndi ya mayi wa pakhondeyo ndi imodzi. Jestina anagwira pakamwa. Dennis anatsitsa chimkuzamawu.

Anastazia anaima pamaso pa Levison. Mafuta a m'tsitsi ankamuyenderera kukhutu. Malovu anadzaza m'kamwa mwa Anastazia, anawameza.

"Mwati mukawanyamulira ndodo?"

"Eya, mayi."

"Akakana kuchoka? Akalira?"

"Kulira kumatha, mayi," anatero Levison, kumwetulira kuli pomwepo.

Anastazia anatembenukira kwa Dennis.

"Ndawaona onse monga munandilonjezera. Mundipatse ameneyu."

Mvula yoyamba isanagwe, Levison anagulitsa malo a Anastazia a ku Linthipe, ndipo Pilira anachoka pa ngolo ya ng'ombe.