Loko ya Malemu Inakana Mlamu

Panali bambo wina amene mkulu wake atamwalira sanadikire n'komwe kuti misozi iume. Anapita kwa mayi wamasiye n'kunena kuti, “Alamu, nyumba ino ndi ya kwathu. Tengani ana anu muzipita.”

Mayiyo anakana n'kudzitsekera m'nyumba. Chitseko chake chinali chakalekale, chathabwa lochindikala lomangidwa ndi zitsulo, ndipo loko yake inali yaikulu ngati njerwa. Malemu ankaikonda kwambiri, ankaithira mafuta okha. Bamboyo anatenga chitsulo n'kukanula chitsekocho mpaka china chake chinathyoka m'kati mwa loko. Anaponya zovala za mayiyo panja, mvula ikugwa, ana akulira, aneba akuonerera.

Mayi uja anakasuma kukhoti. Bamboyo analowa m'nyumbamo yekha, poti mkazi wake anakana kukagona m'nyumba yolanda. Poopa kuti mlamu wake angabwerere mozemba, anatseka khomo lakuseri ndi njerwa. Koma chitseko chakumaso sichinkakhomekanso.

Anamasula loko n'kupita nayo kwa wokonza maloko. Wokonzayo ataitsegula anapeza kuti kachitsulo kamene kamakankha mpiringidzo kiyi ikazungulira kathyoka pakati.

“Bambo, ichi ndi chitsulo chochita kuumba, chimasweka ngati mbale yadothi,” anatero wokonza malokoyo. “Ndiyenera kukatenthetsa pang'onopang'ono, ndikamate ndi mkuwa, kenako ndikakwirire mumchenga kazizire kokha. Pano ntchito yandichulukira, mubwere sabata yamawa. Musakapatse wothamanga, kadzakugwiritsani fuwa lamoto.”

“Sabata yamawa? Ine ndizigona chitseko chili pululu?” Bamboyo anatola loko yake n'kutuluka.

Panja anakumana ndi munthu wovala ovolosi, magalasi owotcherera ali pamphumi.

“Achimwene, ndamva zonse. Akuluwa amangokokomeza zinthu. Ine ndikuwotchererani, ndidzabweranso kudzakuikirani ndekha pachitseko.”

Bamboyo sanafunse dzina, sanafunse kwawo. Anangopereka loko.

Sanadziwe kuti munthuyo anali mchimwene wa mayi wamasiye uja. Ankagwira ntchito kutali, ndipo atamva zimene zinachitikira mlongo wake anabwera mtima uli phuliphuli, n'kumamutsatira bamboyo kulikonse. Atafika pamakina owotcherera anangodontheza moto pamwamba pa kachitsuloko, n'kukaviika m'madzi ozizira kakadali kofiira. Anamva kakulira kuti tseee, anamwetulira. Anakapala bwinobwino, anakapaka utoto wakuda, kanaoneka ngati katsopano.

Lokoyo anaisunga dala mpaka madzulo oti mawa lake ndi tsiku la mlandu. Anaiika pachitseko n'kunena kuti, “Mukamakhoma muzizunguliza kiyi mwamphamvu, achimwene. Musaope, pamenepa pagwira.”

Bamboyo anakhoma, anagona mtima uli m'malo.

M'mawa anasamba, anavala suti ndi tayi. Atazunguliza kiyi anangomva kuti thyo! Kiyi inayamba kuzungulira yokha ngati chidole, mpiringidzo uli chikhomere. Anathamangira kuseri, anakumana ndi njerwa zake zomwe. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Anayesa kumasula loko, koma misomali yake wowotcherera uja anali ataiphwanya mitu.

Anaimbira foni anzake. Anabwera ndi nyundo, koma anapeza aneba ataima pageti.

“Chitseko ichi chinathyoledwa kamodzi tikuona,” anatero mayi wina woyandikana nawo. “Woyamba kuchimenya lero timuitanira apolisi.”

Anzakewo anabwerera mwakachetechete.

Bamboyo anatulutsa mphuno pawindo. “Aneba, ndithandizeni! Ndichedwa kukhoti!”

“Si mumati nyumbayi ndi yanu? Khalanimo!”

Kukhoti anamuitana, zii. Aneba ena anali komweko kuchitira umboni. Woweruza anagamula kuti nyumba ndi ya mayi wamasiye ndi ana ake.

Madzulo mayiyo anafika ndi ana, pambali pake pali munthu wa ovolosi uja. Bamboyo atamuona anakuwa.

“Ndi ameneyu! Wandipusitsa ndi ameneyu!”

“Ndine,” anatero wowotcherera. “Amene munawaponyera zovala pamvula aja ndi mlongo wanga. Inu munathyola, ine ndangomaliza.”

Bamboyo anagwira zitsulo za pawindo, thukuta lili kamukamu, tayi ili pambali. “Alamu, ndikhululukireni. Auzeni athyole chitseko ndituluke. Sindinadye kanthu, madzinso atha m'mpopi.”

Mayiyo anayandikira pawindo.

“Chitseko cha amuna anga sichithyoledwanso, alamu. Achimwene adzatsegula mosamala.”

“Zida ndazisiya kutali,” anatero mchimwene wake akuyasamula. “Mwina mawa. Ntchito yabwino safulumira nayo.”

Mayiyo anauza mwana wake wamkazi kuti awapatsire abambo ake aang'ono kapu ya madzi pawindo. Mwanayo anaiika pansi, patali pang'ono ndi pamene dzanja likanafika, n'kutsatira amayi ake.

Anamutsegulira mawa lake masana, msewu wonse utasonkhana. Anatuluka suti ili makwinyamakwinya, maso ali pansi, ana akumuwowoza mpaka pakona. Atafika kwake anapeza mkazi wake wapita kwa makolo ake. Akuti mpaka lero akaona loko yakale amawoloka msewu.

Phunziro: Usalande za amasiye, chifukwa amene ukumuona ngati alibe mwini ali ndi abale amene sukuwadziwa nkhope. Mmisiri akakuuza kuti dikira, dikira, ndipo usapereke chitseko chako kwa munthu wongokumana naye panjira. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja amayamba kuyeza zipinda ndi maso maliro asanatuluke m'nyumba.