Chitseko cha Malemu

Atamaliza kupaka vanishi woyera, mtengwa wina anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana chitseko cha kuchipinda kwake. Chinali chakudabe bii, kungoti tsopano chinkanyezimira.

"Si penti ameneyo, alamu," mng'ono wa mwamuna wake anatero akuseka. "Mtundu unalowerera m'thabwa. Mukafuna chiyere, palani ndi sandipepa."

Mtengwayo anapala pakona pokha. Thabwa loyera mbee linatulukira, mtima wake n'kuti myaa.

"Ndani akukwecha chitseko cha malemu amuna anga?" apongozi anakuwa ali pabalaza. "M'nyumba muno simusinthidwa kanthu!"

Masilipasi awo anayamba kukhwekhwereza, kulunjika komweko. Mtengwa uja anabisa sandipepa kumbuyo, n'kutsamira chitseko chosaumacho, msana utaphimba poyera paja. Vanishi anagwira bulauzi yake kuti nganganga.