Kope la Azakhali

Bwana atabwera kachitatu kudzafunsa kalata yawo, azakhali anga, omwe ndi mlembi wawo, anali akungoyang'ana kompyuta, dzanja lili pa mausi osaisuntha.

Ndine ndinasintha makompyuta onse a muofesi Loweruka. Ndinaikamo pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta, nditadzitama pamsonkhano kuti ngakhale mwana sangavutike nayo.

"Mayi, zaka makumi awiri pampando umenewu, lero kalata imodzi ikukukanikani?" anatero bwana, n'kutuluka.

Ndinapita kukawathandiza. Pambali pa kiyibodi panali kope lakale lothimbirira, lolembedwa ndi dzanja lawo: "Dina kachithunzi kabuluu pakona yakumanzere. Kenako mzere wachitatu." Masamba onse anali otero, chinthu chilichonse ndi malo ake.

Kachithunzi kabuluu kaja ndinali nditakachotsa ine.

Azakhali, omwe anandipemphera ntchito pano, anavundikira kopelo ndi chikhatho.

"Usawauze za kopeli, mwanangu," ananong'ona. "Ungondionetsa kumene wasamutsira zinthu zanga. Ndilembanso."

Anatsegula tsamba latsopano n'kutenga cholembera. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo, koma kumaso sindinathe kuwayang'ana.