Galimoto Yofuna Kupopa Katatu

Panali munthu wina amene anzake anam'patsa dzina loti a Ndikudziwa, chifukwa ukati uwauze kanthu, yankho limakhala lomwelo. Bambowa anali ndi galimoto yakalekale ya malemu bambo awo, ndipo analonjeza mwana wawo wamkazi kuti tsiku la ukwati wake adzakwera imeneyo. Anaikonza zaka ziwiri m'galaja kuseri kwa nyumba, mpaka inayamba kunyezimira.

Kutatsala sabata imodzi, anachotsa mabuleki akale akutsogolo n'kuika mahabu atsopano, zitsulo zomangirapo matayala, ndi mabuleki amakono. Mlamu wawo, mayi wina makanika, anabwera kudzaona. Anagwada n'kusuzumira kuseri kwa tayala.

"Alamu, zitsulo zopanira mabulekizi mwasemphanitsa. Chakumanja mwaika kumanzere. Taonani, kabawuti kotulutsira mpweya kali m'munsi, pomwe mpweya umakwera m'mwamba. Sungatuluke umenewu."

"Ndikudziwa, alamu. Koma ukapopa mabuleki katatu imaima."

"Nanga mukapopa kawiri msewu n'kutha?"

A Ndikudziwa anangoseka, ati amakanika amakonda kukulitsa nkhani. Zoona zake n'zakuti ankachita manyazi kumasula ntchito yawo mlamu akuona.

Tsiku linakwana. Mkwatibwi anakhala kumbuyo, bambo pachiwongolero, tayi ali pakhosi. Njira yonse anayenda bwino, akupopa katatu patali. Koma holo ya ukwatiyo inali potsetsereka. Atalowa pageti anthu akuwomba m'manja, bambo aja anatulutsa mkono kubayibitsa, zopopa n'kuiwala.

Anaponda koyamba, phazi linangofika pansi. Anaponda kachiwiri, galimoto inadutsa pakhomo pomwe mkwati anaima ndi maluwa. Kachitatu sanakapeze, inali italowa kale mumulu wa mchenga wa amisiri kuseri kwa holo.

Bambo anacheuka, mantha atawagwira zedi.

"Wavulala, mwanangu?"

"Ayi, adadi. Koma mumadziwa kuti mabuleki sali bwino?"

Anayang'ana pansi. "Ndimadziwa. Pepa, mwanangu."

Mwana uja anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaphulika kuseka, n'kunyamula diresi lake kubwerera wapansi kwa mkwati. Mlamu uja anapita pagalimoto paja. Anavula nsapato zake zazitali, n'kutulutsa sipanala m'chikwama cha m'manja. Inde, anabwera nayo ku ukwati, poti munthu wake ankamudziwa!

Anthu akudya keke, a Ndikudziwa anali chogwada mumchenga ndi suti yawo, akupatsira zida ndi kuyankha kuti, "Chabwino, alamu." Ukwati utatha, akwati ananyamukira m'galimoto yomweyo, ndipo inkaima ukangoponda kamodzi. Woyendetsa anali mlamu.

Phunziro: Wodziwa ntchito akakuuza kuti walakwitsa, masula ukonze, makamaka ngati kumbuyo kwako kukhala munthu amene umamukonda. Si tonse amene tidzapeze mulu wa mchenga. Tumizani nkhaniyi kwa a Ndikudziwa a kwanu. Akayankha kuti akuidziwa kale, atumizireninso.