Dziwe la Kachule

Madzi anali atatsikanso. Sipanala anaima pambali pa dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba, foni kumanja, dzanja linalo likupapasa pulasitiki ngati nesi wofunafuna mtsempha. Dzulo lake analidzaza mpaka pamzere wapamwamba. Tsopano madzi ankalekeza m'mawondo.

Dzina loti Sipanala anam'patsa ndi alamu ake, poti chinthu chakufa chikadutsa m'manja mwake chinkadzuka. Ntchito yake inali yokonza mafiriji, koma mipope, mawailesi, maloko, zonse ankazitha. Dziwe lokhali ndi limene linamuimitsa mutu.

Linali la mtundu woimika pamtunda, la mizati yachitsulo ndi chinsalu chapulasitiki mkati. Analigulira mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana kamene aliyense ankakatcha Kachule, chifukwa kakaona madzi makutu ankatsekeka.

Nzeru zitamuthera, analowa m'gulu lina la pa intaneti la anthu okhala ndi maiwe otere. Kumeneko akatswiri anali mbwee. Wina anati ndi dzuwa chabe, aike chidebe cha madzi pambali ayerekeze. Chidebecho sichinatsike. Wina anati adonthezeremo utoto aone kumene ukukokedwera. Utotowo unangomwazikana osaloza kulikonse. Wina anati amate zigamba m'misoko monse, ndipo anamata mpaka zala kusupuka ndi guluu. Wina anati alitaye agule latsopano, koma yankho limene Sipanala anam'patsa oyang'anira gulu analifufuta.

Kenako mayi wina wa m'gulumo anafotokoza modekha kuti madzi otuluka pabowo amaima pamene pali bowolo. Ngati pamzere umenewo palibe bowo, ndipo pansi pozungulira dziwe ndi pouma, ndiye kuti si dziwe limene likudontha. Pali munthu amene akutsegula chotsekera n'kutayira madziwo kungalande.

Sipanala anakweza maso n'kuyang'ana mpanda.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala mkulu wina wopuma pantchito, mwini maluwa ambiri ndi mawu ochepa. Dziwe litangofika kumene, mkuluyo anadandaula za phokoso la ana. Pambuyo pake anati madzi amankhwala akum'tenthera maluwa. Ndiponso mpandawo unali ndi thabwa limodzi logwedera, loti munthu wowonda ngati iyeyo akhoza kudutsapo osapindika kwambiri.

Tsiku lomwelo Sipanala anakam'peza akuthirira. Sanam'patse moni. Anamuuza kuti munthu wamkulu wochitira nsanje chimwemwe cha mwana ndi mfiti yopanda mankhwala, ndipo akadzam'gwira adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Mkuluyo anaika pansi kheni, nkhope ili gwa, n'kunena kuti pabwalo la eni sanapondepo chibadwire. Kuyambira pamenepo makomo awiriwo anasiya kupatsana moni.

Mkazi wa Sipanala anam'pempha kuti akapepese. Anati madzi ochepa omwewo mwana akum'kwanira, nanga dziwe lodzaza likufunikira chiyani? Sipanala anaseka mowawa. Masiku amenewo mayiyu anali atasintha. Makina osokera anali atachita fumbi, maoda a makasitomala ali duu. Kachule akalowa m'madzi, iye ankakhala pampando pafupi pomwepo, maso osaphethira. Sipanala ankadziwa chifukwa chake: mkazi wake ankaopa mikangano ngati moto, ndipo tsopano ankachita kulondera mwana poopa neba. Zimenezi zinangomuwonjezera ukali. Munthu mmodzi wa mtima woipa anali atalanda mtendere wa nyumba yonse.

A m'gulu muja anamulangiza kuti asalimbane ndi munthu popanda umboni. Am'jambule ali mkati mochita.

M'mawa mwake analidzazanso dziwe mpaka pakamwa. Anatsanzika monga mwa masiku onse, n'kunyamula Kachule kukam'siya kusukulu. M'malo molunjika kuntchito anaimika galimoto pakona, nabwerera wapansi, n'kulowa m'kashedi kosungiramo zida. Pakati pa malata panali mpata woonera dziwe ndi mpanda womwe. Anatchera foni.

Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Thabwa lija silinagwedezeke.

Chimene chinatseguka ndi chitseko cha kukhitchini. Mkazi wake anatuluka atanyamula paipi yokulunga, nagwada pambali pa dziwe, n'kuilumikiza pachotsekera mwachizolowezi, ngati munthu wolowetsa ulusi pasingano. Madzi anayamba kuthamangira kungalande.

Sipanala anatuluka m'kashedi muja foni ikadali m'manja. Anakumbukira zala zake zosupuka, ndi nkhope ya mkulu uja.

"Mayi a Kachule," anatero pamapeto pake, "ndakulakwirani chiyani?"

Mkaziyo sanadzidzimuke, ndipo paipi sanaisiye. Misozi inali itayamba kale mwamuna wake asanatuluke m'kashedi.

"Mwana wathu wayamba kugwa, bambo a Kachule. Kuchipatala akuti ndi khunyu, ndipo ndinkaopa kuti kwanu akamva adzati nthendayi yachokera kwathu," anatero. "Ulendo woyamba anagwera momwemu litadzaza. Madzi akakhala a m'mawondo, ndimatha kum'tulutsa ndekha."