Ulusi wa Kangaude ndi Mwana wa Gwape

Padangokhalatu Kangaude, amene nyama zonse zinkamufunsa njira. Mwiniwake sankayenda, koma ankamva zonse kwa Tombolombo wodziwa madambo ndi Njuchi wodziwa nkhalango. Poopa kuti ena angamulande abwenziwa, anawamangirira pa ukonde wake kuti akhale akeake.

Tsiku lina kunafika Gwape akulira. "Amayi Kangaude, mwana wanga wasochera. Ali kuti?"

Kangaude anafunsa Tombolombo.

"Ndingadziwe bwanji, achemwali? Chindimangireni sindinaonekonso dambo."

Kangaude anaona mkaka wa Gwape ukudontha pansi, mtima unamupweteka, nadula ulusi wonse umene anamangira abwenzi ake.

"Ulukani. Mukafuna mubwerenso."

Dzuwa lisanapendeke, Tombolombo anabwerera osamuitana, natera pa ukonde.

"Achemwali, auzeni apukute misozi. Mwana ali kuseri kwa chulu, akugona."